Mkazi Wanga Anandimangira Chipinda Chogontha

1

Anthu akamva nkhani yanga ena amaseka, ndipo sindiwaimba mlandu. Mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, kukhoma yekha misomali pachitseko choti chimubisire zochitika m'nyumba mwake momwe. Koma musanaseke, tamvani kaye mmene zinayambira.

Ine ndimagwira ntchito kubekale. Timakanda ufa usiku kuti inu mupeze buledi wotentha m'mawa, choncho masana anu ndiwo usiku wanga. Ndimafika kunyumba ana akupita kusukulu, n'kusamba, kumwa tiyi, kenako kukagona mpaka dzuwa litapendeka. Kunena zoona, nthawi imeneyo ndinkangoyesa kugona. Nyumba imene ndimachita lendi ili m'mphepete mwa msewu, ndipo kuseri kwa khoma la kuchipinda kuli shedi ya bambo wina wowotcherera zitsulo. Akayatsa makina ake odulira, mano anga ankachita kunyerenyesa. Pakhonde mkazi wanga ankapalasa makina ake osokera, ndipo makasitomala ake sankadziwa kulankhula motsitsa.

Tinali titakhala m'banja zaka zingapo popanda mwana. Amayi ena onse pamzere wathu ankaitanidwa amake uje, amake uje. Wanga ankangomuti atelala.

Achemwali anga, amene anandilera makolo athu atamwalira, ankabwera pafupipafupi. Ankakhala pakhonde n'kumalankhula ngati akucheza ndi mphepo.

"Nkhuku yosaikira imangotha chakudya cha zinzake," ankatero.

Makina osokera ankaima kaye pang'ono, kenako n'kuyambanso. Ine ndili kuchipinda ndinkamva zonse, koma ndinkatembenukira kukhoma ngati ndili m'tulo. Mkazi wanga anandipemphapo kuti tipite limodzi kuchipatala akatiyeze tonse. Ndinamuyankha kuti kumtundu kwathu kulibe vuto limenelo, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo.

2

Apongozi anga aakazi atamwalira anasiya kamtsikana, mwana wawo womaliza, ka pasukulu ya pulayimale. Ndinkakadziwa pang'ono chabe, kamanyazi, kopereka moni kakuyang'ana pansi. Titabwerako kumaliro, mkazi wanga anandipeza ndikuvala nsapato zakuntchito.

"Bambo, mng'ono wanga uja alibe kolowera. Bwanji timutenge?"

"Mayi, nyumba ino mukuiona nokha. Ine ndimagona masana. Mwana ndi phokoso."

"Ndi wofatsa uja."

"Palibe mwana wofatsa. Komanso achemwali adzati chiyani, kuti tayamba kulera ana a eni, athu tisanawaone?"

Anawerama n'kundimangira chingwe cha nsapato chimene ndinachisiya. Mwanayo anakakhala kwa azakhali awo, amene amagulitsa zovala zakaunjika pamsika wa tsidya lina la tawuni.

Kwa milungu ingapo mkazi wanga sankalankhula kwenikweni. Ndinkati ndi chisoni cha maliro. Ndiye m'mawa wina akundithirira tiyi anati, "Maso anu afiira, bambo. Mudzagwera mu uvuni tsiku lina. Tiyeni tichitseke chipindachi kuti phokoso lisamalowe."

"Ndi ndalama ziti? Zimenezo ndi za anthu oimba pawailesi."

"Sizifuna zambiri. Ndafufuza."

Mtima wanga unasungunuka. Ndinadziuza kuti mkazi uyu, ndi chisoni chake chonse, akuganizirabe tulo tanga.

3

Ntchitoyo tinaigwira awiri, masiku anga opuma, ndipo sindikumbuka nthawi ina imene tinagwirizana ngati imeneyo.

Ine ndinayamba ndi kututa mathileyi a mazira kubekale, poti ndinamva kuti ndiwo mankhwala a phokoso. Bambo wowotcherera atandiona ndikuwatsitsa panjinga anaseka.

"Ndiye kuti wosokoneza tulo ndine? Pepani aneba. Koma mathileyiwa angochepetsa kulira kwa m'kati mwa chipinda. Phokoso lili ngati madzi, limalowa pamene pali mpata. Yambani mwatseka mipata, kenako muike zolemera."

Mipata inalipo yambiri. Nyumbayo ilibe siling'i, ndipo khoma la pakati pa chipinda ndi pabalaza silifika kudenga. Pamenepo tinakhomapo matabwa otsala amene ndinapempha kwa kalipentala, mbali zonse ziwiri, pakati pake n'kutsendera matumba odzaza ndi tizidutswa ta nsalu timene mkazi wanga ankataya. Kudenga, pamwamba pa bedi, tinakhoma makatoni okhuthala ndi siponji ya matiresi akale. Wadiropu tinaikankhira kukhoma la kushedi, yodzaza ndi zovala mpaka pakamwa. Pansi tinayala kapeti yakale imene anatipatsa azakhali aja.

Chitseko ndicho chinatidyera nthawi. Ndinadula chubu cha njinga m'timizere n'kukhoma kuzungulira felemu yonse, moti potseka chinkachita kufuna phewa. Mkazi wanga anasoka mabulangete awiri akale pamodzi, siponji pakati, ine n'kuwakhoma kuseri kwa chitseko. Anasokanso kathumba kakatali ngati njoka, n'kukadzaza mchenga, koti kazitseka mpata wapansi. Pawindo bambo wowotcherera anatipangira thabwa lokutidwa ndi siponji, lolowetsa ndikamagona n'kuchotsa ndikadzuka. Mathileyi anga ndinawamatabe kukhoma, kuti thukuta langa lisapite pachabe. Poti chipinda chinayamba kutentha, tinagula kafani kakale, ndipo kulira kwake kunkameza kaphokoso kotsalako.

Titamaliza, mkazi wanga anati tiyese.

"Lowani mutseke. Ine ndichita phokoso kuno."

Ndinakhala pabedi, fani ikuzungulira. Patapita kanthawi anakankha chitseko.

"Mwamva chiyani?"

"Palibe."

"Ndagwetsa chivundikiro cha poto."

"Mwina kakugunda pang'ono, ngati kutali."

"Nanga kuseka? Ndinaseka pabalaza. Munamva?"

"Ayi."

Anapuma mpweya wautali n'kutsamira felemu. Ndinkaganiza kuti ndi kutopa.

4

Tulo ndinatipeza, tokoma ngati ta mwana wakhanda. Anzanga kuntchito ankati ndanenepa. Koma panali china chimene sindinachiyembekezere. Kale ndikadzidzimuka masana ndinkamva makina osokera ndipo ndinkadziwa kuti m'nyumba muli munthu. Tsopano ndinkadzuka mumdima wa bii, fani yokha ikulira, osadziwa ngati ndi m'mawa kapena madzulo, osadziwa ngati ndatsala ndekha padziko. Ine ndi mkazi wanga tinkangokumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka, ngati alonda osinthana.

Chodabwitsa n'chakuti iye anayamba kuwala. Ankaimba akuchapa. Nkhope inadzaza. Ndinkamuyang'ana n'kuzindikira kuti chimwemwe chimenechi sichikuchokera kwa ine.

Kenako ndinayamba kuona tinthu. Mbale ziwiri zonyowa pathandala, ine ndisanadye. Mabanzi ashuga amene ndinkabwera nawo, amene iye ankati amamutentha pamtima, ankatha tsiku lomwelo. Ndikachedwa pabalaza ankayang'ana wotchi.

"Pitani mukagone, bambo, nthawi yatha."

Masana ena ndinadzuka kuti ndikamwe madzi, ndipo ndinapeza kathumba kamchenga kaja katakankhidwira bwinobwino kumpata, kuchokera kunja.

Achemwali anandidikirira pasiteji ya basi m'mawa wina ndikuweruka.

"Iwe, tulo ukugonato ndi ta mtundu wanji?"

"Bwanji achemwali?"

"Dzuwa likafika pamutu mkazi wako amalowetsa makina m'nyumba n'kutseka chitseko chakutsogolo. Makasitomala amabwezedwa. Ndipo wowotcherera uja anthu amamuona akuzungulira kuseri kwanu nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku. Si ndiye anakuthandiza kutseka windo?"

Ndinakumbukira mmene bamboyo anayezera windo mosamala, mmene anakanira kulandira kanthu, akuti aneba salipiritsana.

"Anakutseka makutu ukuona, iwe n'kumathokoza," anatero achemwali. "Mawa usagone. Ine ndikakhala pagolosale ya patsidya pa msewu."

5

Tsiku lotsatira ndinalowa kuchipinda monga mwa masiku onse. Fani sindinayatse. Ndinagona chagada mumdima, thukuta likuyenderera m'makutu, ndikuyang'ana nthawi pafoni. Dzuwa litapitirira pamutu ndinadzuka, ndinakoka chitseko pang'onopang'ono mpaka chinasiya mpata wolowa chala. Pansi pa bedi panali hamala imene tinkakhomera mabulangete. Ndinaitola. Mpaka lero sindifuna kudzifunsa kuti ndinkati ndichite nayo chiyani.

Chitseko chakuseri chinalira. Ndinamva mawu a bambo wowotcherera, otsitsa.

"Wafika."

"Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni," anayankha mkazi wanga.

Mapazi olemera anabwerera kushedi. Chitseko chinatsekedwa. Ndinaima osamvetsa. Ngati iye wabwerera, walowa ndani?

Kenako ndinamva kuseka. Kuseka kwa mwana.

Ndinayenda chopanda nsapato mpaka pamene kanjira kamathera pabalaza. Kamtsikana kaja, mlamu wanga, kanali katakhala pansi pakati pa miyendo ya mkazi wanga, mu yunifomu, nsapato zili pambali kuti zisagogode. Kankadya banzi, mkazi wanga akukamasula tsitsi ndi chipeso.

"Amayi, aphunzitsi ati Lachisanu makolo abwere. Mubwera inuyo, kapena azakhali?"

"Ndibwera ine."

"Ndikawauze kuti ndinu ndani?"

Mkazi wanga asanayankhe anadzutsa mutu n'kundiona. Anaona nkhope yanga, kenako anaona hamala. Anamukokera mwanayo pachifuwa. Ndinaika hamalayo pansi mwamanyazi.

"Wakutchulani chiyani mwanayu?" ndinafunsa.

Akanatha kunama. Ana ambiri amasiye amatchula akulu awo kuti amayi, ndipo ine ndikanakhulupirira. Koma anandiyang'ana m'maso.

"Wanditchula chimene ndili."

Anamuuza mwanayo kuti atenge banzi lake akakhale panja pakhomo lakuseri. Nthawi yomweyo chitseko chakutsogolo chinagogodwa mwamphamvu. Achemwali analephera kupirira kugolosale kuja. Ndinawatsegulira, ndipo analowa maso ali uku ndi uku, kufunafuna mwamuna.

"Ali kuti?"

"Kulibe mwamuna, alamu," anatero mkazi wanga. "Khalani pansi, mumvere limodzi, poti mwabwera."

Anafotokoza mosakweza mawu. Anatenga mimba ali mtsikana, asanandidziwe. Mwini mimbayo anathawa. Amayi ake anatenga khandalo n'kuuza anthu kuti ndi lawo, kuti mwana wawo adzapeze banja. Mwanayo anakula akuganiza kuti mayi ake omubereka ndi mkulu wake chabe, mpaka agogo ake ali pabedi la kuchipatala anamuuza zoona. Chiyambire pamene tinatseka chipinda, mwanayo ankati akaweruka kusukulu amadzera kushedi, bambo wowotcherera n'kumuperekeza kukhomo lakuseri. Ankadya, kulemba za kusukulu, kugona pang'ono pamiyendo ya mayi ake, n'kunyamuka ine ndisanadzuke.

Achemwali anaimirira n'kuyamba kukuwa. Anamutchula wabodza, wakuba banja, anati anatigulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Anatsegula chitseko kuti mzere wonse umve, ndipo unamvadi. Amayi anadzaza pakhonde, ena pawindo.

Mkazi wanga anadikira mpaka mpweya unawathera.

"Alamu, zaka zonsezi mwakhala mukunditchula nkhuku yosaikira, pakhonde pomwepa. Sindinakuyankhenipo. Dzira langa ndi limenelo lakhala panjapo."

Ndinaona maso a amayi aja akuchoka pa iye mmodzimmodzi n'kubwera pa ine. Achemwali anatola chikwama chawo n'kutuluka.

Titatsala awiri ndinafunsa, "Bwanji simunandiuze?"

"Poyamba ndinkaopa kuti mundisiya. Pambuyo pake ndinkaopa kuti mukadziwa kuti ine ndinaberekapo, muyamba kudzifunsa nokha. Ndinasankha kuti azinyoza ine."

"Ndiye chipindachi?"

"Tulo tanu ndinkatifunadi, bambo. Koma ndinkafunanso kuti mwana wanga azitha kuseka m'nyumba mwa mayi ake."

Anayembekezera kuti ndilankhule. Ine mutu unali utadzaza ndi maso a amayi aja. Ndinatembenuka, ndinalowa kuchipinda, ndinakankha chitseko ndi phewa, n'kuyatsa fani. Ndinakhala pabedi nkhope ili m'manja.

Nditatuluka, dzuwa linali litapendeka. Makina osokera panalibe. Sutikesi yake, imene inkakhala pabalaza chiyambire pamene tinasuntha wadiropu, panalibenso. Patebulo panali chakudya changa chopita nacho kuntchito, chovundikira bwino. Sindinamve kanthu kalikonse.

6

Nkhani inayenda mofulumira kuposa basi. Kubekale anzanga ankasiya kulankhula ndikalowa. Achemwali anabwera patapita sabata ndi maganizo oti andipezere mkazi wina, "wosadziwa zambiri." Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawauza kuti apite kwawo.

Bambo wowotcherera anandipeza ndikutunga madzi pampopi.

"Aneba, mundikhululukire. Ndinkangoona mwana akuima kuseri kwa shedi kudikira kuti mayi ake amuone. Ndinalephera kumuthamangitsa."

Ndinagwedeza mutu.

Kuchipatala ndinapita ndekha. Ndinakhala pabenchi pakati pa mabanja obwera awiriawiri. Zotsatira zitatuluka, dokotala anandilankhula mwaulemu, akusankha mawu. Anati vuto lili mbali yanga, ndipo mwayi ulipo koma ndi wochepa kwambiri. Anafunsa ngati mayi abwera nawo kuti awafotokozere limodzi. Ndinati atanganidwa.

Tsiku lopuma lotsatira ndinakwera basi kupita kumsika wa tsidya lija. Mkazi wanga ndinamupeza pansi pa kakhonde ka malata pafupi ndi benchi ya azakhali, akuchepetsa mathalauza akaunjika. Mwana anali pambali pake akusomeka ulusi pasingano. Atandiona anaimirira.

"Muli bwanji alamu?"

"Ndili bwino, kaya iwe?"

Mayi ake anamutuma kukagula ulusi wakuda. Ndinakhala pakampando ka makasitomala n'kumuuza za kuchipatala. Ndinkayembekezera kuti anena kuti si ndinanena. Anaimitsa makina.

"Pepani, bambo. Munapita nokha?"

"Ndekha."

"Sizinayenera kutero."

"Bwererani kunyumba, mayi. Nonse awiri."

Anayang'ana nsalu imene inali pansi pa singano.

"Tsiku lija ndisananyamuke ndinaima pakhomo la chipinda chanu. Ndinagogoda. Ndinakuitanani, ndinati bambo, mukangotsegula n'kunena kuti tikhale, tikhala. Mwanayu anali atagwira siketi yanga. Ndinaitana mpaka ndinachita manyazi."

"Sindinamve."

"Ndikudziwa kuti simunamve. Ndinasoka ndekha mabulangete aja." Anamwetulira pang'ono, misozi ili m'maso. "Inenso ndinakulakwirani, sindikukana. Koma mwanayu wabisidwa chibadwire. Pano amanditchula amayi pamaso pa msika wonse, ndipo palibe amene amamuuza kuti atsitse mawu. Sindingamuchotse pano mothamanga. Ndipatseni nthawi."

"Yaitali bwanji?"

"Sindikudziwa."

Anapondanso makina.

7

Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu mwaweruza kale kuti mkazi wanga ndi wachinyengo, ndipo n'zoona kuti anandibisira chinthu chachikulu. Ena mukuti wolakwa ndi achemwali ndi pakamwa pawo. Ine ndasiya kufunafuna woti ndimuloze chala. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu sabisa mwana wake chifukwa chokonda kubisa. Amayamba wayang'ana nkhope za anthu a m'nyumbamo n'kuona ngati muli malo oikapo choonadi. Mwa ine sanawapeze malowo. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene anapemphapo kanthu kamodzi, inu n'kukana, iye osadzapemphanso, musaganize kuti nkhaniyo inatha. Mufunseni. Ndipo abambo anzanga, akakuuzani kuti tiyeni kuchipatala, pitani. Benchi ija ndi yozizira ukakhalapo wekha.

Panopa ndimakhala ndekha. Ndimadziphikira, ndimadzichapira, ndipo tsiku lopuma likafika ndimavala malaya abwino n'kukwera basi kupita kumsika. Ndimakhala pakampando kaja mpaka kasitomala atabwera, zikatero ndimaimirira. Nthawi zina timacheza, nthawi zina ndimangoonerera singano ikukwera ndi kutsika. Sanandiuze kuti abwerera, sanandiuzenso kuti ndisiye kubwera.

Sabata yatha mwana uja anandiperekeza mpaka pokwerera basi, mayi ake akutiona chapatali. Tikudikira, anakanda pansi ndi nsapato n'kufunsa osandiyang'ana.

"Anzanga akufunsa kuti inu ndinu ndani. Ndiziwauza kuti chiyani?"

Ndinatembenuka kuyang'ana kukakhonde kuja. Mayi ake anali atawerama pamakina.

"Iwe ukufuna uziwauza kuti chiyani?"

Anaganiza kaye. "Ndikuuzani sabata yamawa."

Basi inafika, ndinakwera, ndipo ndinakhala kuwindo. Anayimabe pomwepo mpaka tinakhota.